Ndikufuna kukamuona tayiga mtchire ku India, ndipite paki iti?

woyenda_pang'ono

Moni nonse. Mwezi wa Epulo ndikupita ku Delhi pa zantchito ndiye misonkhano ikatha nditsala ndi masiku anayi okha ndisanakwere ndege yobwerera. Kuyambira ndili mwana ndimangolota zomuona tayiga, osati wa mu zoo uja amangozungulirazungulira mkhola ngati wasokonekera mutu ayi, koma weniweni akuyenda mtchire mwake. Ndasakasaka pa intaneti mpaka mutu waima, ena akuti Ranthambore ena Bandhavgarh ena Corbett, aliyense akuchemerera kwake. Inu amene munapitako tandiuzeni zoona, munthu amamuonadi kapena ndi zija amangokulozera mapazi pamchenga nkumati wadutsa pompano? Ndalama zake sizocheperatu ndiye sindikufuna kukazitaya mmadzi.

chule_wa_dzinja

Achimwene ndi masiku anayi musavutike nkuganiza zambiri, pitani ku Ranthambore basi. Mukwera sitima ku Delhi mpaka Sawai Madhopur, maola anayi kapena asanu, ndipo paki ili pafupi ndi tauniyo. Ku Bandhavgarh nkwabwino koma nkutali, mukatsika ndege ku Jabalpur mukhalanso pamsewu maola angapo, masiku awiri atha muli panjira. Epulo mwasankha bwino ngakhale mwangozi, kumatentha koopsa kuposa madigiri 40, udzu umakhala utauma masamba atayoyoka ndiye tayiga amabwera kumadzi kudzamwa nkudzigoneka mthope, kumuona sikuvuta ngati nthawi ina. Pakiyo anaigawa mmazoni 10 ndipo galimoto ikapatsidwa zoni imodzi siyiloledwa kulowa ina, kaya mwamva kuti wagona pamsewu kuseri kwa phiri, zanu zada. Magalimoto alipo a mitundu iwiri, gypsy ya anthu 6 ndi canter chilole chotsegula cha anthu 20. Limbikirani gypsy. Bukitsani panopa osadikira mukafike, ndipo pasipoti yomwe mwabukitsira ikhale mthumba chifukwa pageti amaiona. Chachikulu musagule ulendo umodzi wokha, tengani anayi, mmawa ndi masana kawiri.

mayi_wa_atatu

Ine ndinapita ku Bandhavgarh ndi bambo a kunyumba, tinalowa kasanu. Maulendo anayi oyamba ng'oo, fumbi lokhalokha mpaka mmano, agwape amadonthomadontho aja amati chital ambirimbiri, mapikoko, nguluwe, mapazi a tayiga tinawaona mpaka kutopa nawo. Bambo anayamba kung'ung'udza kuti tawononga ndalama kudzaona nyani kkkk. Chomwe sindinkadziwa nchakuti tayiga samusaka ndi maso, amamusaka ndi makutu. Siali ngati mikango imangogona gulu pambalambanda, uyu amayenda yekha ndipo mizere yake ija akalowa mu udzu wouma amangosowa muli kumuyang'ana. Ndiye dalaivala amaima, kuzimitsa injini, nonse ziii, kumvetsera nyama zina. Anyani ankhope yakuda aja, langur, akamuona ali mumtengo amakhosomola mwaukali, chital amalira kamawu kakuthwa, koma gaidi wathu anati amene amamukhulupirira kwambiri ndi sambar, chimbawala chachikulu chija, chifukwa sichilira chisawawa, chikangoti phoo ngati hutala ndiye kuti mwini nkhalango ali pafupi. Mmawa womaliza tinamva sambar kawiri, tinadikira mwina mphindi makumi awiri ine mtima uli phaphapha, kenako wamkazi anangotulukira mu nsungwi, kudutsa msewu kutsogolo kwathu osatiyang'ana nkomwe ngati ndife zitsa. Sizinakwane ndi mphindi imodzi yomwe. Foni inali mmanja koma sindinajambule, manja amanjenjemera, bambo aja amadandaula ndi amene anayamba kupukuta misozi. Mpaka lero amakana.

sindinamuone

Tisanamizane apa, ena timabwerako chimanjamanja. Ine ndinasankha Corbett chifukwa ndinawerenga kuti ndi paki yakale kwambiri ku India, ya 1936, komanso ndi komwe anakhazikitsira Project Tiger, pulogalamu ya boma yoteteza matayiga, mu 1973, ndipo matayiga aliko ambiri zedi. Zonsezo nzoona koma nkhalango yake ndi yowirira, mitengo italiitali, udzu wotalika kuposa munthu, atha kukhala pafupi ngati apa ndi apo inu osadziwa. Ndinalowa katatu, njovu ndinaziona, ng'ona ndinaziona, tayiga olo mchira. Chinandipweteka kwambiri ndi munthu amene ndinabukitsa kudzera mwa iye, anandilonjeza kuti kumuona ndi 100% ndipo ndikhala mgalimoto yaing'ono, kufikako andiponya mchilole chodzaza, wina akuyankha foni mokuwa wina mwana akulira, ndiye mumva bwanji sambar wanuyo mayi? Aliyense wokuuzani kuti mukamuona ndithu ndi wabodza, thawani. Kalembera wa 2022 anapeza matayiga pafupifupi 3,682 mu India yense, ndi ambiri kuposa dziko lina lililonse eya, koma taganizani kukula kwa dzikolo. Komanso alendo amaloledwa kagawo kochepa chabe ka paki, kwinako nkwa nyama zokha, zomwe nzabwino ngakhale zinandiluzitsa.

woyenda_pang'ono

Zikomo nonse, a sindinamuone pepani koma dzina lanulo landiseketsa. Ndatsimikiza za Ranthambore, maulendo anayi. Nanga zoni yabwino ndi iti? Ndipo ndivale chani ndi kutenthako?

chule_wa_dzinja

Anthu amalimbirana 1 mpaka 5, makamaka 3 chifukwa kuli nyanja zija, Padam Talao ndi Rajbagh, pansi pa linga lakale lija lili paphiri. Nkomwe kunkakhala Machli, tayiga wamkazi wotchuka uja anamenyana ndi ng'ona, anamwalira mu 2016 atakalamba kwabasi. Koma musanyoze 6 mpaka 10, ndaonapo anthu akubwerako akumwetulira ife a zoni 3 tili khuma. Ngati mungathe sinthanisinthani, osabwereza imodzi kanayi. Zovala tengani zamtundu wa khaki kapena zobiriwira mozilala, zofiira ndi zoyera mbee siyani ku hotela, chipewa, madzi ambiri, ndi kansalu kotseka mphuno chifukwa mphekesera ikangomveka kuti waoneka, magalimoto onse amathamangira komweko fumbi lake simuonana. Nthawi yapakati pa ulendo wa mmawa ndi wa masana kwerani kulinga mukaone, ngati miyendo ingalole ndi dzuwalo.

mayi_wa_atatu

Ndipo mukamuona osaimirira kapena kukuwa chonde, kutsika mgalimoto ndiye nkoletsedwa kumene. Mukabwere mudzatiuze, olo atakhala mapazi okhaokha tidzaona nawo zithunzizo, a sindinamuone apeze mnzawo.