Bambo wa MND akubanika usiku, BiPAP tilibe

Nesi_MaleWard: Anzanga thandizeni mwachangu. Ndili ndi bambo wa MND (motor neurone disease, matenda a mitsempha ofooketsa minofu), manja anasiya kale kugwira, pano akagona chagada akubanika, m'mawa mutu kuwawa, masana kumangosinza. Chifuwa chili clear, GeneXpert (yoyezera TB) negative, sats (mlingo wa oxygen m'magazi) 90. A night anawaika pa oxygen 5 litres, kwacha sats 98 koma kuwadzutsa ndi ntchito. Malovu akungotayika, kutsokomola sakutha. Ndipange bwanji abale, BiPAP (makina othandiza kupuma kudzera pa mask) kuno ndi maloto

Physio: Sister tsitsani oxygen ija msanga, itanani a clinician. Mapapo ali bwino, yafooka ndi diaphragm (mnofu wopumira) ndiye CO2 (mpweya woipa) sikutuluka, mutu wa m'mawawo ndi umenewo. Sats zikhale 88 mpaka 92 basi. Asagone chagada, tsamiritsani mapilo.

CO_Wakale: Munthu akubanika mumuchotse oxygen? Ma guardian muwauza chani?

Physio: Achimwene sindinati achotse, ndati atsitse.

Mai_Palliative: Morphine wamadzi 2.5mg pakamwa amachepetsa kubanika, yambani pang'ono muziona. Malovu amitriptyline usiku, koma samalani amaumitsa makhololo nkukhala ovuta kutulutsa. Ndipo osawamwetsa phala lamadzimadzi atagona, ine ndinaona mayi wina mwana wake amawamwetsa thobwa ndi kapu mwachikondi ndithu, zonse zimapita kumapapo, sabata sinathe chibayo, mpaka lero zimandiwawa.

CO_Wakale: Morphine pamwamba pa CO2? Ine ayi. Oxygen basi.

Mai_Palliative: Mlingo wochepa ngati umenewo timapereka ndithu bambo, bola kuwayang'anira. Sister imbirani a Tiyanjane, osamalira odwala matenda osachiritsika ku Queens, akulangizeni, komanso khalani pansi ndi abale mukadali ndi nthawi, bambowo anene okha zomwe akufuna mawu asanathe.

Physio: Aphunzitseni ma guardian kukankha pamimba pomwe akutsokomola, koma osati atangodya. Ambu bag (chopopera mpweya ndi manja) ngati ilipo ndikuonetsani breath stacking (kudzaza mapapo mpweya kangapo asanatsokomole) pa video call, osayesa nokha ngati kumeza kwavuta kale.

Nesi_HDU: Olo BiPAP ipezeke, kumudzi magetsi akathima usiku nanga? Ife wina abale anagula makina ku Johannesburg, mask inabwera yaikulu, mpweya kumangothawira m'maso, mphuno mpaka chilonda.

CO_Wakale: Concentrator ya oxygen nayo imafuna magetsi koma sitisiya. Ine sats 90 sindigona.

Nesi_HDU: Paja alipo ali ndi suction ya phazi (yoyamwira makhololo) yosagwiritsa ntchito? Yathu rabala inang'ambika