Alendo akufuna mbalame za m'mapiri, ine ndili ku Nchalo

Membala wosadzitchula: Akuluakulu ndithandizeni. Alamu anga andisiyira alendo awiri oonera mbalame kuti ndiwayendetse, ati akufuna Thyolo alethe ndi yellow-throated apalis. Alamu omwewo ndalama zanga za matayala sanabweze mpaka lero, foni sakuyankha, galimoto nayo ikumatentha ikangoyamba chikweza cha ku Thabwa. Kodi ku Lengwe konkuno sizingapezeke? Ndikuopa kuchita manyazi.

Wa ku Makwasa: Achimwene, ku Lengwe musakawonongeko mafuta. Ziwirizo ndi za m'nkhalango zowirira za m'mapiri, kozizira, zosayoyoka masamba. Apalis ameneyo dziko lonse lapansi ali ku Malawi kokha, ku Mulanje, Zomba ndi Malosa. Alethe ali ku Thyolo, Mulanje, Zomba ndi mapiri a ku Mozambique monga Namuli ndi Mabu. Koma nkhalango ya pamwamba pa phiri la Thyolo anthu anaigwetsa nkulimamo! Zatsala ndi tinkhalango ta m'minda ya tiyi, ndipo simungalowemo osapempha eni munda.

Mayi a ku Bangula: Zonse kumapiri basi? Atengereni pa bwato ku Elephant Marsh, malo amene analowa m'ndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika padziko lonse, mu 2017. Akaona African skimmer, pygmy goose, vuwo ndi akakowa. Ku Lengwe kuli Böhm's bee-eater ndi nkhanga zatsumba.

Wa ku Makwasa: Mayi, munthu wafunsa za alethe. Amene wakwera ndege chifukwa cha mbalame imodzi simungamutonthoze ndi kakowa.

Makaniko: Bwana, yambani ndi galimotoyo. Tsukitsani radiyeta, onani fanibeluti ndi thermostat, nyamulani madzi malita 5. Chikwezacho kwerani m'mamawa pa giya 2, ndipo ikawira musatsegule chivundikiro cha radiyeta isanazizire.

Mphunzitsi wa ku Chikwawa: Nanga akubwera mwezi wanji, masiku angati? Simunanene. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti chiperoni chimaphimba phiri, mbalame zimakhala duu. Okutobala ndi Novembala zimaimba kwambiri. Mvula ikakhazikika, misewu ya dothi ya m'minda ya tiyi imaterera, ndipo wa East Bank wodzera ku Muona musaudalire.

Wa ku Makwasa: Mwezi uliwonse, chachikulu ndi linthumbu. Alethe amakhala pansi mumthunzi, amatsata linthumbu nkumatola tizilombo tothawa. Mukapeza mzere wake imani chapatali, thalauza mulowetse m'masokosi, khalani chete mphindi 20. Msana wake ndi wofiirira, kumimba koyera, nsonga za mchira zili ndi mawanga oyera. Apalis ndi wachikasu pakhosi ndi kumimba, pachifuwa pali kamzere kakuda, amayenda awiriawiri m'nthambi. Pitani ku Ruo Gorge ku Mulanje, mugone pafupi kuti 5:30 ikupezeni muli m'nkhalango. Mabainokyula a 8x42 ndiwo amaona bwino mumdima wa m'mitengo. Ndipo alendowo muwaletse kuliza nyimbo ya mbalame pafoni mobwerezabwereza, zimasiya zisa nkumathamangira mdani woti kulibe.

Mayi a ku Bangula: Bambo inu mwalankhula katatu. Achimwene, pezani wolondolera wa komweko, ndipo alamuwo atumize za mafuta musananyamuke.

Membala wosadzitchula: Zikomo nonse. Thermostat imeneyo ku Nchalo ingapezeke, kapena mpaka ku Blantyre?

Mphunzitsi wa ku Chikwawa: Mwezi, achimwene. Tiuzeni mwezi.