Ndani anagwirapo ntchito pabwalo loonera kanema anthu ali m'galimoto?

Funso:
Ndili mnyamata ndinkagwira ntchito m'tauni yaing'ono, pabwalo limene anthu ankaonera kanema atakhala m'galimoto zawo, ndipo ntchito yanga inali yolondolera madalaivala ndi tochi kuti aime pafupi ndi mizati ya masipika. Kodi alipo ena amene anagwirapo ntchito yotereyi, ndipo mumakumbukira chiyani?

Yankho loyamba:
Ine, bambo, ndinali m'kachipinda ka pulojekita. Filimu inkabwera yokulungidwa pa mawilo angapo, ndipo lililonse linkatha mphindi pafupifupi 20, choncho maso ankakhala pakona yakumanja ya sikirini kudikira kadontho kondiuza kuti ndiyatse pulojekita yachiwiri. Ndikachedwa pang'ono chabe, sikirini inkangoti mbee, mahutala n'kuyamba kulira bwalo lonse.

Yankho lachiwiri:
Mwandikumbutsa masipika aja, achimwene. Anthu ambiri ankanyamuka ataiwala kuchotsa sipika pawindo, waya n'kuduka, moti m'mawa uliwonse tinkakhalira kulumikiza. Mawu atayamba kuulutsidwa pa wailesi ya FM vutolo linatha, koma tinayamba kukankha magalimoto amene mabatire awo aphwa.

Wofunsa:
Zikomo nonse. Chimene ndimachisowa kwambiri ndi ana aja amene ankagona kumbuyo kwa galimoto atafunda mabulangete filimu isanafike n'pakati pomwe.