Firiza ya sola pa malo odyera: ndigule kapena ndiyambe ndadikira?

Make Tadala, Chitakale
Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Ambiri mukudziwa kuti ndimaphika nsima, mpunga ndi tchipisi kufupi ndi siteji. Lachiwiri lapitali ndataya nkhuku 9. Magetsi anazima Lamlungu usiku n'kudzayaka Lachiwiri masana. Nditatsegula firiza ndinapeza madzi a magazi ali ndengundengu pansi, khungu la nkhuku likuterera m'manja, fungo litayamba. Mtsikana amene amandithandiza anati tingozikazinga kwambiri ndi adyo, palibe angadziwe. Ndinakana. Tinakazikwirira kuseri, mtima ukundiwawa. Tsopano ku Limbe ndaona firiza ya sola ya malita 200, pamodzi ndi mapanelo awiri ndi batire. Mtengo wake ukufanana ndi phindu langa la miyezi 7. Theka ndili nalo, theka linalo ndingabwereke ku banki m'khonde. Abale anga, ndigule?

aChisale, Luchenza
Pepani kwambiri mayi, nkhuku 9 masiku ano ndi mpamba wa munthu. Koma musathamange. Sola ndi ya ku Nsanje ndi ku Chikwawa komwe dzuwa limaswa mtengo. Kwathu kuno chiperoni chikagwa mu June kapena July, masiku atatu anayi phiri osalionako, zovala osauma pachingwe. Nanga panelo lidzadya chiyani? Dzinja ndiye musanene, mvula ya ku Mulanje mukuidziwa nokha. Ine pa golosale panga ndinagula kajenereta, magetsi akazima ndimaliza maola awiri atatu basi.

Chemwali a pa Muloza
Jenereta imafuna petulo bambo. Mwaiwala mizere ija tinkagona nayo pa filling station ndi zigubu?

Bambo a Yamikani, Thyolo boma
Ndilowepo poti ntchito yanga ndi yomweyi, ndimaika sola. Za chiperoni aChisale sakunama, mitambo ikachindikala panelo limapereka mphamvu yochepa kwambiri, nthawi zina osafika ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Koma firiza si mbaula. Kompuresa yake, kainjini kamene kamaziziritsa, imalira kanthawi n'kupuma. Yabwino ya malita 200 imadya pafupifupi yuniti imodzi patsiku, ina osafikapo. Chomwe chimasunga kuzizira kwenikweni ndi zinthu zouma gwa zili m'katimo, osati batire. Firiza yodzaza, mukapanda kuitsegula, imasunga nyama pafupifupi maola 48 magetsi atazima. Ikakhala theka, ndi maola ngati 24.

Ndiye mayi ndikufunseni zitatu. Imene mwaonayo ndi ya DC (magetsi a mtundu wa batire) ya 12 kapena 24 volts yolumikiza ku batire mwachindunji, kapena ndi firiza wamba yomwe angoiphatikiza ndi inveta, kachipangizo kosandutsa mphamvu ya batire kukhala magetsi ngati a m'nyumba? Ndafunsa chifukwa kompuresa ikamayamba kulira imakoka mphamvu yoposa kangapo imene imadya ikamayenda, ndipo kainveta kakang'ono kamangolira alamu n'kuzima. Chachiwiri, batire ndi la mtundu wanji? La gel kapena la asidi silifuna kutsika kupyola theka, mukamalikama tsiku ndi tsiku silichedwa kufa. La lithium ndi lodula koma limakhala zaka zambiri. Chachitatu, ndipo ichi ndiye chachikulu: firiza yanu ya panopo mumaitsegula kangati patsiku?

Make Tadala, Chitakale
Za DC ndi batire sindinafunse achimwene, ndinangoona kuti ikuzizira. Za kutsegula, kunena zoona ndi kambirimbiri. Zakumwa ndimaika momwemo, pamwamba pa nkhuku. Munthu aliyense akafuna Fanta kapena madzi ozizira timatsegula. Patsiku la anthu ambiri mwina ka 40. Lolemba lija magetsi kulibe tinkatsegulabe, makasitomala ankafuna zozizira.

Bambo a Yamikani, Thyolo boma
Ndi pamenepo pamene nkhuku zinafera. Mukagula ya sola n'kumaichita chimodzimodzi, m'chiperoni idzakukhumudwitsaninso, kenako mudzati sola ndi yabodza.

aNaphiri, Bvumbwe
Make Tadala, ine ndine wa mkaka, ndipo ife kuzizira ndiye moyo wathu. Mkaka ukakamidwa umafunika kufika mu thanki ya gulu m'maola awiri kapena atatu, n'kutsitsidwa mpaka madigiri 4. Pakhomo pa gulu amauyeza ndi spirit kuti aone ngati wayamba kusasa, n'kuviikamo lactometer kuti agwire amene athira madzi. Chidebe chimodzi choipa chikalowa mu thanki, mkaka wa alimi onse galimoto ya kampani imaukana. Chaka cha 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 ndipo makina aja anadzayambanso mu 2023. Nthawi imeneyo tinaphunzira kulemba. Tsiku lililonse: magetsi azima nthawi yanji, ayaka nthawi yanji, malita angati abwezedwa. Titawerengetsa tinaona kuti mkaka wambiri sunkawonongeka mu thanki ayi, unkawonongeka panjira, alimi akuchedwa kufika nawo. Tikanagula chipangizo chodula tisanalembe, tikanachiza dzanja pomwe chilonda chili kumwendo.

Ndiye inu, m'miyezi 6 yapitayi mwataya nkhuku zingati zonse pamodzi? Ngati ndi 9 zomwezi basi, firiza ya miyezi 7 ya phindu siikubweza ndalama kudzera pamenepo. Payenera kukhala china chimene ikupulumutseni.

aChisale, Luchenza
Ndi zimene ndikunena ine. Ndipo n'chifukwa chiyani mukusunga nkhuku zambiri chonchi? Oweta mabroila ali ponseponse, pa Chitakale pomwepo, ku Nkando, ku Chonde. Gwirizanani ndi mmodzi azikutumizirani nkhuku 4 kapena 5 pa kabaza m'mawa uliwonse, muzipha, muziphika, pofika madzulo zatha. Ndalama yanu isamagone mu firiza. Nkhuku yophedwa lero kukoma kwake n'kosiyananso ndi youmitsa.

Make Tadala, Chitakale
Bambo, njira imeneyo ndinaiyesa miyezi itatu. Vuto loyamba, woweta amakhala ndi nkhuku masabata awiri, zikatha mudikire gulu lina likule. Ndipo tsiku lomwe anthu a m'maesiteti a tiyi alandira, pamene ine ndikufuna nkhuku 12, ndi tsiku lomwenso aliyense akumuthamangira, foni osayankha. Vuto lachiwiri ndi kukula kwa nkhukuzo. Lero zazikulu, mawa zangati nkhunda. Ine mtengo wa mbale ndi umodzimodzi. Pali adalaivala ena a minibasi amadya kwa ine tsiku lililonse. Tsiku lina ananyamula ntchafu ndi zala ziwiri n'kundionetsa, amvekere, "Mayi, dzulo sinali chonchi." Sanakalipe, koma sabata yonse sanabwere. Za ku Limbe zopakidwa kale zimakhala za sikelo imodzi, ndimadziwa kuti nkhuku imodzi ituluka mapisi angati. N'chifukwa chake ndimapita ku Limbe katatu pa sabata kudzera msewu wa Midima, poopa kuoda zambiri n'kuwola.

aNaphiri, Bvumbwe
Katatu pa sabata! Mayi, ndalama yanu ikuthera pamenepo. Thiransipoti yopita ndi yobwera, ya katundu, komanso theka la tsiku mulibe pamoto. Mukachokapo amaphika ndani?

Make Tadala, Chitakale
Mtsikana yemwe uja. Amayesetsa, koma nsima yake nthawi zina imakhala ya mibulu, ndipo ikakwana 12 koloko anthu atadzaza amabalalika. Wa pa minibasi sadikira, kondakitala akaitana amasiya mbale asanalipire.

aNaphiri, Bvumbwe
Ndiye werengani chonchi: firiza yodalirika ikuchotserani maulendo awiri pa sabata, ndiye kuti maulendo 8 pamwezi. Onkhetsani ndalama ya maulendo amenewo, muonjezere mbale zimene zimathawa inu kulibe. Mukatero mudzaona ngati miyezi 7 ija ili yeniyeni kapena ndi yochepa. Ine pamenepa ndayamba kupendekera koti mugule.

Bambo a Mphatso, Likhubula
Ine ndaphikako pa loji kuno zaka zingapo, kuphikira alendo okwera phiri, ena opita mpaka pa Sapitwa. Mwezi wa July pa mpikisano wothamanga m'phiri wa Porters Race anthu amachita kusefukira, ndiye za kukonzekera chikhamu ndikuzidziwako. Ndikuuzeni mayi, firiza payokha siifulumizitsa mbale, ikhozanso kukuchedwetsani. Nkhuku yathunthu youma gwa simungaidule 10 koloko kuti 12 ikhale yapsa. Anthu amathamangira kuiviika m'madzi otentha kapena kuiyanika padzuwa, kunja n'kufunda m'kati muli mwala, ndipo matenda otsegula m'mimba amayambira pamenepo.

Ife tinkatere. Katundu akafika, tsiku lomwelo timadula mapisi, n'kumanga m'majumbo, jumbo lililonse mapisi 10. Pajumbo timalemba deti ndi maka. Zatsopano pansi, zakale pamwamba, kuti yoyamba kulowa ikhale yoyamba kutuluka. Madzulo timatulutsa majumbo a mawa okha, n'kuwaika m'bokosi lozizira kuti asungunuke pang'onopang'ono usiku. Firiza timaitsegula kawiri basi patsiku. Mipata yotsala timadzaza ndi mabotolo a madzi, osawadzaza mpaka kukamwa poti madzi akaundana amafufuma. Mabotolo omwewo mawa lake ndi amene amaziziritsa zakumwa m'cooler box. Nyama yomwe yasungunuka mpaka kufunda tisaibwezerenso m'firiza, ngakhale isananunkhe.

Komanso chepetsani mitundu ya ndiwo masana. Nkhuku, nyemba, nsomba imodzi, masamba. Mtsikana wanuyo adzakwanitsa. Mukamufunsa ndiwo zisanu ndi ziwiri pa mbaula ziwiri, ngakhale ine ndingabalalike.

Chemwali a pa Muloza
Izi ndiye ndazikopera. Zikomo ankolo.

aNambewe, Limbuli
Ine ndilankhule monga munthu amene anagula. Ndimagulitsa karapao ndi mafiriziz pamsika. Firiza ya sola ndi yabwino, musamve zoti ndi yabodza. Nthawi ya namondwe Freddy mu March 2023, misewu itaduka, mapolo atagwa, amene tinali ndi kozizira ndi amene tinatsala ndi chogulitsa. Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Yanga yoyamba ndinagula yotchipa kwa munthu wina wa shopu, lisiti anangolemba pakapepala kopanda dzina. Patatha miyezi 5 kabokosi koyendetsa kompuresa kanapsa. Nditabwerera anati dikirani katundu akubwera. Ndinadikira masabata 5, firiza ili chigonere ngati bokosi la zovala, makasitomala anga onse n'kuzolowera kwa mnzanga. Pomaliza ndinakonzetsa ndekha ndi ndalama zanga.

Ndiye musakambe za mtengo zokha. Afunseni: ikawonongeka amabwera ndani, patatha masiku angati, kuchokera kuti? Zipangizo zosinthira ali nazo pashelefu, akuonetseni ndi maso. Waranti ilembedwe, ya firiza payokha, ya batire payokha. Woika sola akhale ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta. Safunsa anadya phula mayi.

Za kudikira ine sindikugwirizana nazo kwenikweni. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, amene ankasunga ndalama kuti adzagule chaka chamawa anangoona mitengo yathawa. Katundu wochokera kunja sadikira munthu.

aChisale, Luchenza
Zonsezo ndamva, ndipo za maulendo a ku Limbe aNaphiri andigonjetsa. Koma pa ngongole pokha sindisuntha. Banki m'khonde yathu kuno ndi 20 peresenti pamwezi. Imeneyo ndi ndalama yoodera tomato n'kubweza sabata ya mawa, osati yogulira chinthu chobweza phindu pang'onopang'ono chaka chonse. Mudzapezeka mukuphikira gulu. Ngati mugule, funsani kaye ku SACCO, bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama, kapena ogulitsawo akulolezeni kulipira pang'onopang'ono.

Bambo a Yamikani, Thyolo boma
Palinso njira yapakati yomwe simunaiganizire. Firiza muli nayo kale ndipo ikugwira. Mutha kugula inveta yokwanira bwino ndi batire la lithium, lizitchajidwa ndi magetsi omwewa akayaka, panelo n'kudzaonjezera pambuyo. Nthawi zambiri zimenezi zimatsika mtengo kuposa seti yonse yatsopano, ndipo theka muli naloli mwina lingayandikire. Koma sindingalonjeze ndisanaone kuti firiza yanuyo imadya bwanji. Zina zakalekale labala wa pachitseko anatha, zimalira osapuma, zoterozo kuziikira batire n'kutaya ndalama. Muyese kutsekera pepala pachitseko n'kulikoka. Likatuluka mosavuta, labala watha. Mugulenso fridge guard, n'kotchipa. Magetsi akamabwera mwamphamvu kamadikiritsa mphindi zingapo, kompuresa zambiri zimapsa nthawi imeneyo.

Make Tadala, Chitakale
Ndayesa pepala lija pompano achimwene. Mbali zitatu likugwira, koma pakona ya kumanzere langosololoka. Ambuye akudalitseni nonse. Mawa m'mawa zakumwa ndizichotsa, ziyamba kukhala mu cooler box ndi mabotolo oundana monga anenera bambo a Mphatso. Kope ndagula kale, ndiyamba kulemba maulendo, maola a magetsi ndi mbale zothawa mpaka mwezi uthe. Loweruka ndikapita ku Limbe ndikafunsa za DC, batire ndi waranti. Mtima wanga ukadali pa ya sola ija, sindibisa, koma ku banki m'khonde sindikatenga.

Bambo a Yamikani, Thyolo boma
Mukajambule kachitsulo ka kumbuyo kwa firiza zonse ziwiri, yanu ndi ya ku shopu, pamene analemba mawatts, ndi chizindikiro cha pa batire. Mutumize pano Loweruka lomwelo musanapereke ndalama iliyonse. Labala wa pachitseko muyeze m'litali ndi m'lifupi, mukamufunse konko.