Za backhoe ija ndinafunsa: ndatenga JCB 3CX

Mwezi watha ndinafunsa kuti ndigule iti pakati pa JCB 3CX ndi CAT 428C, makina okumbira (ma backhoe) ogwiritsidwapo kale ntchito, popeza ntchito zanga n'zokumba maziko a nyumba, maenje a zimbudzi ndi ngalande za mapaipi kuno ku Lilongwe. Zikomo nonse munandiyankha. Ndatenga JCB.

Amene munati ndisakhulupirire mita ya maola munanena zoona, mita imasinthidwa. Ndinapita ndi makaniko wanga m'mamawa, injini zikadali zozizira. CAT ija inavuta kulira, ndipo titatsegula pothirira oyilo panatuluka utsi wambiri, chizindikiro chakuti ma ring a pisitoni mu injini atha. Kukonza zimenezo kukanandidyera ndalama zogulira dizilo wa miyezi ingapo.

JCB inalira kamodzi. Ndi ya chaka cha 2002, nthawi imene kampaniyi inkaikabe injini za Perkins isanayambe kupanga zake mu 2004. Izi zinandisangalatsa kwambiri, chifukwa Perkins ndi yomwe ili m'mathirakitala ambiri a Massey Ferguson, ndiye amakaniko athu amaidziwa bwino ngakhale kumaboma.

Tinatsitsa miyendo yakumbuyo, n'kukweza makinawo, n'kudikira kuti tione ngati atsika okha. Sanatsike. Mkono wokumbira umagwedera pang'ono pa ma pin ndi ma bush, ndipo ndinagwira pomwepo potsitsa mtengo. Mapaipi awiri a hydraulic ndasintha kale, matayala akutsogolo adikira kaye.

Lolemba tikuyamba maziko ku Area 49, mvula isanafewetse dothi.