Amene munakhalako ku Japan thandizeni, andiitana chakudya kunyumba

Abale anga a pagulu pano mwaswera bwanji. Ndili ku Kyoto, ndinabwera ku maphunziro a masabata atatu ndipo kwatsala sabata imodzi kuti ndibwerere. Ndili ndi funso koma mundilole ndifotokoze kaye kuti mumvetse pamene pagona nkhawa yanga.

Malo ndaona, ndisaname. Loweruka lapitali ndinalawirira ku kachisi wa Fushimi Inari, ndi masiteshoni awiri okha kuchokera pa Kyoto Station ndipo kulowa ndi ulere, kuli zipata zofiira zimene amati torii, zikwizikwi, zondondozana mpaka pamwamba pa phiri, ndipo kuseri kwa chipata amalembako dzina la munthu kapena kampani imene inachipereka. Ndinafika cha m'ma 7 koloko kudakali zii, pomakwana 10 koloko anthu anali atadzaza moti popondapo panalibe. Ku Kinkaku-ji ndinafikanso, kachisi wokutidwa ndi golide uja, ndinalipira 500 yen pakhomo, amene alipoyu anamangidwa mu 1955 chifukwa wakale anatenthedwa mu 1950. Ngokongola inde makamaka pano masamba afiira, koma mumangoyenda pamzere, kujambula, basi mwatuluka.

Chimene chandigwira mtima ine si akachisi ayi koma khalidwe la anthu. Sitima yodzaza thoo koma chete, palibe woyankhula pafoni. Tiana tating'ono tikupita tokha kusukulu, tizipewa tachikasu kumutu, zikwama kumsana, ine monga mayi ndinangoima kumatiyang'ana mpaka tinakhota. Mumsewu mabini ngosowa koma chinyalala simuchiona, pepala la mpunga woumba umene ndinagula mu Lawson ndinayenda nalo m'chikwama tsiku lonse. Ndiye tsiku lina ku lesitilanti ndinasiya chenji patebulo kuti kakhale kathokozo, mtsikana woperekera zakudya anandithamangira mpaka kunja kudzandibwezera, atagwira ndi manja awiri uku akuwerama. Zinandipweteka, usiku wonse ndimaganiza kuti mwina ndamunyoza mwana wa eni.

Nkhani yake ndi iyi. Pali bambo ena achikulire amene amatithandiza kumaphunziroku, anakhalako ku Malawi ngati volontiya wa JICA, bungwe la boma la Japan lothandiza maiko ena, ali mnyamata, mpaka lero "muli bwanji" ndi "zikomo kwambiri" sanaiwale. Andiitana Loweruka likubwerali kuti ndikadye kunyumba kwawo ndi akazi awo, ndipo ndamva kuti kuno kuitanidwa kunyumba si chinthu wamba, ambiri amangokumana kumalo odyera. Sindikufuna kukalakwitsanso. M'sutikesi ndili ndi Mzuzu Coffee mapaketi awiri, chitenje chatsopano ndi botolo la Nali. Ndipereke ziti, ndikulunge kapena ayi? Kudya ndi timitengo kukundivutabe, nanga akandiikira nsomba yaiwisi ndikane bwanji osawakhumudwitsa? Komanso Lamulungu ndi tsiku langa lomaliza lopuma, ndipite ku Nara kapena ku Arashiyama?

Mayankho

Achemwali khazikani mtima pansi, ine ndinakhala ku Osaka zaka ziwiri kusukulu. Khofi ndi chitenje zonse perekani, mphatso yochokera kwanu amaikonda kuposa yogula konkuno. Lowani mu 100 yen shopu ngati Daiso mugule pepala lokulungira ndi kachikwama kabwino, kuno kakulungidwe amakaona ngati mbali ya mphatsoyo. Zinthu zisakwane zinayi, nambala 4 imamveka ngati mawu a imfa m'chiyankhulo chawo. Popereka ndi manja awiri ngati kwathu konkuja. Fikani nthawi yeniyeni imene anakuuzani, ikakhala 6 ndi 6, osati 6:20. Pakhomo pali kamalo kotsika kovulira nsapato, mukavula muzitembenuze ziyang'ane kukhomo, valani masokosi oyera osabooka, akupatsani masilipasi koma mukamalowa chipinda cha mphasa zija amati tatami muvule. Kuchimbudzi kuli masilipasi akeake, musaiwale kuwasiya komweko potuluka, apa mpamene alendo ambiri amalakwitsira.

Kuwonjezera apo, timitengo musatizike chilili mumpunga ndipo musapatsirane chakudya kuchokera pa timitengo kupita pa timitengo tina, zimenezo zimachitika pamaliro. Mukapempha foloko palibe angakudabweni. Musanadye nenani itadakimasu, mukamaliza gochisousama deshita, onsewa ndi mawu othokoza chifukwa cha chakudya, amayi a panyumbapo akondwa kwambiri.

Ine ndikusiyana nawo pang'ono pa za Nali. Zakudya zawo sizikhala ndi tsabola wambiri ndiye mayiwo mwina sangaikhudze, koma bambowo ngati anakhaladi kwathu akaona botolo lija akumbuka zambiri. Tengani. Za nsomba yaiwisi musadikire mpaka patebulo mama, auzeni mawa lomwe kumaphunziroko kuti simunaizolowere, iwo amakonzekera mlendo masiku angapo ndipo chimawawawa ndi kuona mbale yabwerera yosakhudzidwa. Munthu amene anadyapo nsima ndi manja sangalephere kumvetsa.

Nara, Nara, Nara. Kuchokera ku Kyoto ndi pasitima osakwana ola. Kuli agwape oyenda momasuka pakati pa anthu, mumagula timabisiketi tawo n'kumawadyetsa ndipo ena amaweramitsa mutu popempha, koma samalani amakoka zovala ndi mapepala. Komweko kuli kachisi wa Todai-ji, m'kati mwake muli chiboliboli cha Buddha chachitsulo chotalika pafupifupi mamita 15. Arashiyama ndi nsungwi basi ndipo nyengo ino anthu amachuluka zedi, nsungwi kwathu tili nazo.

Za chenji zija zisakudandaulitseni achemwali, sanakwiye, kungoti kuno ndalama yathokozo kulibe, amaona kuti mwaiwala. Inenso zinandichitikira mutakisi. Chinthu china, mukapita ku Gion, dera la mu Kyoto momwemo kumene kumaoneka ma geisha, akazi osangalatsa alendo ndi nyimbo ndi magule achikhalidwe, musalowe m'tinjira ta eni kukajambula, pali zikwangwani zoletsa ndipo chindapusa ndi 10,000 yen.

Zikomo kwambiri abale, mwandimasula. Ndapita kale ku Daiso ndagula pepala lobiriwira ndi riboni, khofi ndipereka paketi imodzi kuti ndi chitenje ndi Nali zikhale zitatu, inayo ndipatsa aphunzitsi athu. Bambo aja ndawauza za nsomba, anaseka n'kunena kuti akazi awo aphika nkhuku yokazinga ndi supu wa miso, wopangidwa ndi soya. Lamulungu ndi Nara. Katsala kamodzi, ngati tikhala pansi pa tatami, mayi amakhala bwanji mwaulemu miyendo ikayamba dzanzi, nditambalale ngati kwathu kapena ndipinde mbali imodzi?