Thandizeni, tiyi wa chamomile akuwawa ndipo tulo sitikubwera

Membala wobisika: Admin ndibiseni dzina chonde. Anzanga ine tulo tinandithawa, ndikagona 10 koloko pofika 1 maso ali gwa mpaka atambala. Alamu anga aku Joni anandibweretsera paketi ya chamomile wouma, timaluwa tachikasu tija tokhala ndi kafungo ka maapozi, akuti muzimwa muzigona. Alamu omwewo ndalama zanga za banki mkhonde sanabwezebe koma a maluwa ali nazo, abambo akunyumba nawo ndi mpira pafoni usiku wonse ndikalankhula ndine wolongolola, mtsikana wantchito anachoka ndi fulasiki yanga. Ndiye tiyiyu ndikumwa koma akuwawa zedi ndipo tulo ndiye ayi. Ndi feki kapena? Komanso paketiyo ndi yaikulu, wotsalayo ndingapangire chani?

Make Tadala: Mwabisa dzina koma alamuwo akangowerenga za banki mkhondezo akudziwani kkkk

Bambo Nkhoma: VUTO LATHU NDI LIMENELI. Chilichonse chikachokera kunja ndiye mankhwala. Chamomile wanuyo ndi chisoso chomwechi chikumera kuseri kwa bafa, angochiika mu paketi. Agogo athu ankagona bwanji?

Sisi Ruth: Mukuphika bwanji ndipo mukuthira wochuluka bwanji? Komanso pali mapilisi omwe mukumwa? Ndine namwino, ndikufunsa chifukwa chamomile sagwirizana bwino ndi mankhwala osungunula magazi monga warfarin. Ngati muli oyembekezera funsani kaye kusikelo.

Aphunzitsi Banda: A Nkhoma musanamize anthu. Banja ndi limodzi inde, chisoso, mpendadzuwa ndi chamomile, koma zomera zake nzosiyana. Wa tiyiyu ndi uja amati German chamomile ndipo wambiri amalimidwa ku Egypt. Ndipotu amene maluwa a banja limeneli amamuyambitsa ziwengo asamale naye.

Bambo Nkhoma: Egypt, Germany, MWAONA? Ife tili ndi tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, chidede chili mbwee, lemongrass aliyense ali naye pakhomo. Forex ikuthera maluwa.

Aphunzitsi Banda: Tiyi waku Thyoloyo ali ndi caffeine bambo, munthu akufuna kugona. Chamomile alibe.

Bambo Nkhoma: Ine ndimamwa makapu awiri usiku ndi chinangwa ndipo ndimaliza mkonono mpaka aneba amadandaula.

NaPhiri: Mayi vuto si tiyi, ndi bamboyo. Munthu wamkulu mpira wanji 1 koloko usiku? Wanga ankatero, mpirawo unadzapezeka kuti uli ndi ana awiri ku Ndirande.

Make Tadala: NaPhiri mwayambatu 😂

Chikondi waku Leeds: Ine ndimamwa madzulo aliwonse. Osamuwiritsa pamoto. Madzi akawira phulani, thirani pa maluwawo, supuni yaing'ono yodzadza imodzi kapena ziwiri pa kapu, vundikirani ndi sosala mphindi 5 kenako sefani. Mukasiya nthawi yaitali ndi pomwe amawawa, ndipo mukapanda kuvundikira kafungo konse kamathawa ndi nthunzi. Kauchi pang'ono, mkaka ine ayi. Koma musayembekezere kuti akugwetsani, amangofewetsa thupi basi, ngati mutu uli pa ngongole mukhalabe maso.

Aunt Jessie: Wanga ndinasiya mu jumbo pamwamba pa kabati nthawi ya dzinja, potsegula ndinapeza wachita nkhungu yense, ndinalira chifukwa anandigulira ndi malemu mchemwali wanga amene mpaka lero katundu wake akuchimuna sanagawe. Ikani mu botolo lagalasi louma lotseka bwino, kosafika dzuwa. Wina mangani pakansalu muponye mmadzi osamba otentha, fungo lake mudzandiuza.

Mlaliki Joe: Kusowa tulo 1 koloko si nkhani ya tiyi, imeneyo ndi nthawi ya nkhondo yauzimu. Inbox.

Bambo Nkhoma: Kusamba maluwa tsopano! Anthu inu muzikalima, munthu wochokera kumunda safunsa za tulo pa Facebook.

Sisi Ruth: Mayi mwini nkhani sanayankhebe mafunso anga.

Membala wobisika: Pepani magetsi anazima foni inathima. NaPhiri amuna anga si otero. Kaphikidwe kake ndimaphika bwinobwino mmene timaphikira tiyi, ndimathira dzanja limodzi mu ketulo nkuwiritsa mpaka afiire, koma poti payekha amaoneka ngati madzi otsukira mbale ndimaonjezera masamba a Chombe masupuni awiri kuti agwire mtundu, ndi shuga.

Chikondi waku Leeds: Mayooo 😭 ndiye mukumwa tiyi wamasamba wamphamvu pogona!! Chombeyo musiyireni mmawa. Mtundu wa chamomile ndi womwewo wachikasu wotuwa.

Bambo Nkhoma: NDIMANENA INE. Popanda tiyi wathu chamomile wanuyo sali kanthu, mwini wake wavomera.

Aphunzitsi Banda: Sizomwe wanena zimenezo a Nkhoma.

Sisi Ruth: Nanga za mapilisi zija mayi?

Membala wobisika: Zikomo nonse ndiyesa mawa. Koma za ndalama zanga zija alamuwa ndiwayambe bwanji?